Ndigule lob wedge kapena vuto ndi manja angawa?

Wa_ku_Chitakale

Moni akuluakulu nonse muno. Paja amati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso langa ngakhale ndikudziwa kuti ena museka.

Gofu ndayamba chaka chatha ndili wamkulu kale, zaka 47. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo zaka zonsezi bwalo la gofu ndinkangoliona ndikamadutsa, mumtima n'kumati izi ndi za mabwana. Kenako bwana wina amene ankapita kukapuma pantchito anandigulitsa chikwama chake chonse pamtengo wachibale. Muli driver, 3-wood, ma iron kuyambira 5 mpaka 9, pitching wedge, sand wedge ndi putter yogubuduzira mpira kudzenje, zonse pamodzi ndodo 10. Ndi zakale ndithu, mogwirira mwa zina munayamba kuterera moti ndinachita kukulunga ndi tepi, koma zimamenya.

Mpira ukakhala kutali ndilibe nawo mlandu. Ndine munthu wathupi, ndikaupeza bwino umapita. Pa par 4, dzenje loyenera kulimaliza utamenya kanayi, nthawi zambiri ndikamenya kawiri ndimakhala ndafika m'mphepete mwa green, kapinga wosalala uja pamene pali dzenje, mwina kwatsala masitepe asanu, mwina 10. Mavuto anga amayambira pamenepo. Mtunda wonse uja kawiri kokha, koma kampata kotsalako kanayi kapena kasanu. Zimawawa abale.

Loweruka lapitali ndi limene landilembetsa izi. Tinali anthu atatu, tinagwirizana kuti wogonja agula zakumwa. Pa dzenje lina mpira wanga unaima masitepe anayi kuti ukwere pa green, pamalo abwinobwino, kapinga wometedwa, kutsogolo kopanda bunker (chidzenje cha mchenga) kapena chitunda. Mbendera inali kumapeto uko, ndinawerenga masitepe 18 kuchokera m'mphepete. Ndinatulutsa sand wedge monga mwa nthawi zonse, poti pa YouTube aliyense amene ndimamuona akumenya chip, kumenya kwapafupi kokwezera mpira pa green, amagwira wedge. Koyamba ndinalima. Chibuma chinauluka kupitirira mpira, mpirawo n'kungosuntha ngati sitepe imodzi. Kachiwiri ndinaopa kulimanso, ndiye ndinadzuka msanga, ndodo n'kugunda mpira pamimba. Unathamanga ngati mwala wa legeni, kudutsa mbendera, kudutsa green yonse, mpaka mumchenga kutsidya. Ndinamaliza ndi 8. Mnyamata wondinyamulira chikwama anangoyang'ana kuphiri ngati akuwerenga mitambo ya pa Chambe, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Tsono nkhani ndi iyi. Alamu anga amayendetsa thiraki ya ku Johannesburg ndipo akuti angathe kundigulira lob wedge, ndodo yokweza mpira m'mwamba kwambiri, ya madigiri 60 ulendo ukubwerawu. Mnzanga wina akuti imeneyo ndiye mankhwala, mpira umakwera n'kugwa n'kuima pomwepo ngati wamangidwa chingwe. Koma mtengo umene anditumizira pa WhatsApp ungagule feteleza, ndipo mayi akunyumba ayamba kale kufunsa kuti kodi ndodo 10 zonsezi sizikukwana kumenya kampira kamodzi.

Ndigule? Kapena pa zimene ndili nazozi, ya chip yeniyeni ndi iti? Ndiuzeni mosabisa, ngati vuto ndi ine mwini ndivomera.

Kadi_wakale_Thyolo

Bwana, ndalama ya feteleza isiyeni ipite kumunda. Ine ndine kadi, ndanyamula zikwama za gofu kuno ku Thyolo kuyambira ndili ndi zaka 14, pano imvi zili mbuu, ndipo amene ndawaona akugula lob wedge chifukwa cha nthenda yanuyi ndi ambiri. Amene anachira nayo sindikumukumbuka. Ambiri nthendayo inangokula.

Tiyambe ndi ichi. Tiyerekeze tabwerera pamene munali Loweruka paja, ndakulandani chikwama, ndakupatsani mpira m'dzanja, ndipo ndati mukauyandikitsa pa mbendera ndikupatsani K5,000. Muuponya bwanji? Simuuponya m'mwamba ngati mukugenda mango. Muwerama, muuponya chapansipansi kuti ugwe pa green chakumayambiriro, kenako ugubuduzike wokha mpaka uko. Thupi lanu likudziwa kale zimenezi. Ndodo yoyenera ndi imene ichite zomwe dzanja likanachita, ndipo pamalo mwafotokozawo imeneyo ndi 8-iron kapena 7-iron, osati sand wedge.

Chifukwa chake chili pankhope ya ndodo. 7-iron nkhope yake inapendekeka madigiri 30 mpaka 34, kutengera kampani ndi chaka chimene inapangidwa. Pitching wedge ili pakati pa 44 ndi 48. Sand wedge 54 mpaka 56, lob wedge 58 mpaka 60. Nkhope ikagona chagada kwambiri, mphamvu yambiri imathera kukweza mpira m'mwamba, yopititsa patsogolo imachepa. Ndiye kuti mufike masitepe 22 ndi sand wedge muyenera kuitengera ndodoyo kumbuyo kwambiri n'kubwera nayo mwaliwiro. Zikatheka zimakongola. Koma mukaphonya pang'ono chabe, mlomo wam'munsi uja n'kugunda pamimba pa mpira, liwiro lonse lija limapita nawo kutsidya monga munaonera. Ndi ya 60 mukanakautola kutchire. Pomwe 8-iron imangobwerera pang'ono ngati putter. Ngakhale muiphonyetse, mpira umakwawabe n'kukafika chapafupi, mumalizitsa ndi ma putt awiri, manyazi palibe.

Ine bwana wanga akafika pa mpira wotere, ndisanagwire chikwama ndimayamba ndayang'ana pansi. Mpira wakhala bwanji? Uli pamwamba pa kapinga ngati dzira pachisa, wamira mu udzu, kapena uli padothi loyera? Kenako ndimaona chimene chili pakati pa mpira ndi green. Chomaliza, green yoti mpira uthamangepo ndi yaitali bwanji. Mbendera ndimaiyang'ana pomalizira penipeni. Oyamba kumene amatembenuza, maso amathamangira ku mbendera, pansi osayang'anapo n'komwe.

Mpira uli pabwino, kutsogolo kulibe chotchinga, mbendera ili kutali: 7 kapena 8. Mbendera ili pakatikati: 9 kapena pitching wedge. Sand wedge ituluke pokhapokha pali choti mudumphe, kaya bunker kaya udzu wautali, kapena mbendera ili pafupi ndi mphepete moti mpira ulibe pothamangira, kapenanso mpira wamira mu udzu woti 8-iron singauzule. Pamabowo 9 athu ano, malo otero mwina mukumana nawo kawiri kapena katatu basi.

Kaimidwe musakavutitse. Mapazi pafupi, thupi lilemere kuphazi lakutsogolo ndipo likhale komweko mpaka mwamenya. Mpira ukhale chakuphazi lakumbuyo pang'ono, manja atsogole pang'ono. Gwirani ndodo cham'munsi, pafupi ndi pamene mphira wathera, muyandikire mpira. Kenako mapewa ndiwo agwedeze ndodo monga muchitira ndi putter. Kulima kwanu kuja kumabwera chifukwa mukufuna kuunyamula mpira ndi dzanja lamanja ngati mukutapa ufa ndi chipande. Thupi limabwerera kumbuyo, ndodo n'kufika pansi mpira usanafikiridwe. Kunyamula mpira ndi ntchito ya nkhope ya ndodo, inu ntchito yanu n'kuikhudzitsa pansi patsogolo pang'ono pa mpira.

Ndipo mnyamata wanu uja musamukwiyire. Mwina amadziwa kuti mwatenga ndodo yolakwika koma amaopa kulankhula. Ulendo wina mumufunse kuti iwe ukanatenga iti.

Mfana_wa_Luchenza

Madala a ku Thyolo ulemu wanu, koma ine nditsutsako pang'ono.

Biggie wathuyu ndi munthu wapantchito, gofu amasewera Loweruka lokha. Inu mukumuuza kuti aphunzire 7, 8, 9, pitching wedge ndi sand wedge, iliyonse ndi kathamangidwe kake. Nthawi yoyeserera zonsezo aipeza kuti? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndimasewera ku Limbe ndipo chip iliyonse ndimamenya ndi sand wedge yanga ya madigiri 56 basi. Ndikafuna wapansi ndimaika mpira kumbuyo, manja patsogolo, nkhope imaimirira. Ndikafuna wam'mwamba ndimaika mpira pakati n'kutsegula nkhope. Ndodo imodzi ndaizolowera ngati supuni yakunyumba, ndikudziwa kulemera kwake ngakhale nditatsinzina.

Komanso taonani akatswiri. Chip ija ya Tiger Woods pa dzenje la 16 pa mpikisano wa Masters ku Augusta mu 2005, mpira unaima pamlomo pa dzenje kenako n'kugweramo, anamenya ndi wedge ya madigiri 60. Phil Mickelson moyo wake wonse ndi lob wedge. Ndiye tisamaiopseze ngati ndi njoka.

Pa zogula ndikugwirizana nanu kuti asagule kaye, sand wedge ali nayoyo ikukwana. Koma aiphunzire imeneyo mpaka imumvere.

Mayi_wa_ku_Bvumbwe

Bambo a ku Chitakale, nkhani yanu ndawerenga ndikuseka chifukwa ndi yanganso. Ine ndinali wa netiboli, gofu ndinalowa mochedwa potsatira abambo akunyumba, ndipo chaka choyamba chonse anzanga ankanditcha mlimi.

Palibe amene watchula ndodo imene ine inandipulumutsa, putter. Mwanena nokha kuti panali masitepe anayi, kapinga wometedwa, popanda chotchinga. Nanga bwanji osangogubuduza kuchokera pomwepo? Palibe lamulo loti putter ndi ya pa green pokha. Ku America anachita kuipatsa dzina loti Texas wedge chifukwa cha mabwalo ouma a kumeneko. Putter simungalime nayo, simungagundenso mpira pamimba n'kuutumiza kumchenga. Choipa chimene chingachitike n'choti mpira uperewera masitepe atatu. Chofunika kungokumbukira kuti udzu wakunja kwa green umadya liwiro, ndiye mumenye ngati dzenje lili patsogolo pang'ono kuposa pamene lili. M'mawa kukakhala mame muwonjezerenso.

Abambo ambiri amachita nazo manyazi, amaona ngati kugwira putter kunja kwa green n'kuvomera kuti sudziwa gofu. Pakhadi salembapo kuti munagwira ndodo yanji. Amalemba nambala.

Udzu ukatalikirapo moti putter ikodwa, ine ndimatenga hybrid, ndodo ya pakati pa wood ndi iron, kuigwira cham'munsi n'kumenya ngati putt. Pansi pake ndi potakata, imatsetsereka pa udzu osakumba, mpira umadumpha pang'ono n'kuyamba kuthamanga. Inu mulibe hybrid koma 3-wood yanu ichita zomwezo, kungoti ndi yaitali, muyenera kugwira mpaka pachitsulo ndipo mpira umachoka mwaukali, muyesere kaye. Ndipo kwa mwana wanga wa ku Luchenza amene wabweretsa Tiger, inenso ndili ndi wanga. Todd Hamilton anapambana Open Championship ya 2004 ku Royal Troon, kugonjetsa Ernie Els pa mabowo owonjezera, ndipo sabata yonseyo ankagubuduza mipira ya m'mbali mwa green ndi hybrid. Pa dzenje lomaliza penipeni ndi imene anagwira, mpira n'kukaima pafupi ndi dzenje.

China chimene ndaona m'nkhani yanu n'cha tepi ija. Mogwirira mukaterera, zala zimafinya ndodo popanda inu kudziwa, mikono n'kuuma. Ndi mikono youma chip singatheke. Ngati alamu anu akupitadi ku Joni, muwatume ma grip atsopano, mphira wa mogwirira uja. Mtengo wake sufika n'komwe pa wa wedge.

Ndinagulaponso ka ndodo kotchedwa chipper, kooneka ngati putter koma nkhope yopendekeka ngati ya 8-iron. Kanandithandiza miyezi ingapo, kenako ndinaona kuti 8-iron yanga ikuchita zomwezo, pano kali kuseri kwa chitseko.

Mphunzitsi_wopuma

Achimwene, ine ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri kusekondale, ndiye mundikhululukire, nkhani iliyonse ndimaiona ndi manambala.

Pali kawerengedwe kamene a gofu amakatcha lamulo la 12, ndipo ambiri amakagwirizanitsa ndi dzina la Paul Runyan. Bambo ameneyu anali wochepa thupi, mpira wake sunkapita patali, koma anapambana PGA Championship kawiri, mu 1934 ndi mu 1938. Mu 1938 anagonjetsa Sam Snead, munthu womenya kutali zedi, ndi 8 and 7, kutanthauza kuti masewera anatha kutatsala mabowo 7. Anamudyera pafupi ndi green pomwepa pamene inu mukulirapo.

Kawerengedwe kake n'kotere. Sankhani malo amene mukufuna mpira ukagwe, sitepe imodzi mkati mwa green. Werengani masitepe kuchoka pa mpira kufika pamalopo. Werenganinso kuchoka pamalopo kufika pa dzenje. Gawani nambala yachiwiri ndi yoyamba, yankho lake mulichotse pa 12. Chotsalacho ndi nambala ya ndodo. Pitching wedge muiwerenge ngati 10, sand wedge ngati 11.

Titenge za Loweruka lanu. Masitepe anayi kufika m'mphepete, kuwonjezera imodzi, 5. Mbendera inali 18 kuchokera m'mphepete, kuchotsa imodzi ija, 17. Tikagawa 17 ndi 5 tipeza 3 ndi kanyenyeswa. 12 kuchotsa 3 ndi 9, ndipo chifukwa cha kanyenyeswa kaja tili pakati pa 9-iron ndi 8-iron. Mukuona kuti a kadi athu anafika pomwepo popanda choko. Sand wedge, mwa kawerengedweka, ndi ya pamene kuuluka ndi kuthamanga zikufanana. Mukanati muigwiritse bwino Loweruka lija, mpira unayenera kuuluka masitepe 11 n'kukagwa pakati pa green, pomwe inu munkaopa n'kuimenya komwe.

Koma musakatenge ngati Malemba. Green ikakhala yochedwa, kapena mukukwera mtunda, tsikani nambala imodzi kapena ziwiri, pa 9 mutenge 8 kapena 7. Potsetsereka kwerani nambala. Ndiponso ndodo zanu ndi zakale, ndipo zakale nkhope zake zinagona kuposa za masiku ano, 8-iron yanu ingafanane ndi 9-iron ya mnzanu amene wagula chaka chino. Njira yabwino n'kupanga tebulo lanulanu. Yalani thaulo pa green sitepe imodzi kuchokera m'mphepete, imani masitepe anayi kumbuyo, mugwetse mipira isanu pathaulopo ndi ndodo iliyonse, muwerenge pamene yaima, mulembe kuseri kwa khadi. Madzulo amodzi akwana. Apa ndiye ndikuyankhanso mnyamata wa ku Luchenza. Kamenyedwe ndi kamodzi komweko, malo ogwetsera ndi amodzi, chosintha ndi ndodo yokha. Njira yakeyo ndodo ndi imodzi koma kamenyedwe ndi kosiyanasiyana, ndipo kwa munthu amene manja ake sanakhazikike chovuta kwambiri ndi chimenecho.

Za malamulo pang'ono, poti zatchulidwa. Malire ndi ndodo 14 m'chikwama, ndiye inu muli ndi malo a zinayi, palibe chokuletsani kugula mtsogolo muno. Chipper ya mayi athu ndi yololedwa bola ikhale ya nkhope imodzi, zija zomenyera mbali zonse ziwiri n'zoletsedwa pampikisano. Ndipo ngati tsiku lina ndodo idzagunda mpira kawiri mwangozi pa chip imodzi, zomwe zimachitika mu udzu wautali, kuyambira mu 2019 palibenso chilango, amawerenga kamodzi.

Kadi_wakale_Thyolo

Aphunzitsi mwandichititsa manyazi ndi masamu anuwo, ine ndimangoona ndi maso. Koma tafika pamodzi.

Mwana wanga wa ku Luchenza, sindikukana kuti njira yako imagwira. Iwe unayamba uli mwana, manja ako ndi ofewa. Tiger anayamba kugwira ndodo asanayambe sukulu, ndipo green za ku Augusta mpira umathamanga ngati pagalasi, n'chifukwa chake amafuna ndodo youimitsa. Kuno kwathu vuto si kuimitsa mpira, vuto n'kuufikitsa.

Ndabwereranso chifukwa ndinaiwala chinthu chimene kwa ife a Thyolo ndi Mulanje n'chachikulu, nyengo. Bwana, tembenuzani sand wedge yanu muyang'ane kunsi kwake. Muona kuti kumbuyo kuli chimimba chotsika kuposa mlomo wakutsogolo. Chimenecho amati bounce, pa sand wedge zambiri ndi madigiri 10 mpaka 14. Amene anatchukitsa ndodo yotereyi ndi Gene Sarazen, anapambana nayo Open Championship ya 1932. Ntchito ya chimimbacho n'kuletsa ndodo kumira mumchenga, imatsetsereka m'malo mokumba.

Tsono ganizani za Okutobala, dothi lathu lofiirali litauma gwa ngati njerwa yootcha, kapinga atapserera. Chimimba chija chikagunda pansi polimba chimanjanja, mlomo n'kukwera, n'kupeza mpira pamimba. Munthu amadziimba mlandu kuti ndadzutsa mutu, chonsecho ndi ndodo imene siyikugwirizana ndi nthaka. Nyengo imeneyo sand wedge ikhale ya mumchenga basi. Gwirani 8-iron, pitching wedge ngati pali kodumpha pang'ono, kapena putter monga anenera mayi a ku Bvumbwe. Nthawi zina ndimauza bwana wanga kuti augwetse mpira kunja kwa green dala ndi 7-iron, unjanje kamodzi kawiri n'kukwera wokha, poti pansi polimba sipaugwira.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala zinthu zimatembenuka. Walira mvula walira matope, ndipo inu a kutsinde kwa phiri mumailandira yambiri. Pansi pakafewa, pitching wedge ndi 9-iron milomo yake yakuthwa ija imalowa m'dothi ngati khasu latsopano, makamaka manja mukawatsogoza kwambiri. Apo ndiye chimimba cha sand wedge chimasanduka bwenzi. Manja musawatsogoze kwambiri, mpira ukhale pakati, muilole ndodo itsetsereke. Komanso mpira wogwera kunja kwa green nyengo imeneyo umangoti phwa n'kukhala pomwepo, ndiye muonetsetse kuti wauluka mpaka pa green.

Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chili ndi khalidwe lakenso. Pansi sipafewa kwenikweni koma udzu umakhala wonyowa tsiku lonse. Madzi akalowa pakati pa nkhope ndi mpira, mpira sugwira, umangoterera, ndiye musayembekeze kuti uima msanga ngakhale mutamenya ndi wedge. Pukutani nkhope ndi thaulo musanamenye, ndipo timizere ta pankhopepo muzitokosamo ndi tee, kamtengo koikapo mpira kaja. Ndaona mabwana akudandaula kuti wedge yatha pomwe timizere tadzaza dothi la chaka chatha.

Chomaliza, muziyang'ana kumene kapinga wagonera. Akagonera kumene mukumenyera, ndodo imadutsa bwino. Akagonera kwa inu, amaikola ndodo ngati msampha, ndipo pamenepo ndi pamene akatswiri omwe amalima. Mukaona choncho dzutsani ndodo iime chilili pang'ono, chidendene chake chichoke pansi, mumenye ndi chakunsonga ngati putt.

Wa_ku_Chitakale

Ndabweranso akuluakulu, papita masabata awiri. Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti mundiyankha mozama chonchi.

Thaulo la aphunzitsi ndinaliyala Lachiwiri ndi Lachinayi nditaweruka, mpaka mdima. Mnyamata wanga uja ndiye ankawerenga masitepe. Ndinamufunsa monga ananenera a kadi, kuti iwe tsiku lija ukanatenga iti. Sanaganize n'komwe, anati 8 bwana, ndipo ndinaigwira kale m'manja koma munadutsa n'kukasolola sand wedge nokha. Ndinasowa chonena.

Zimene ndalemba kuseri kwa khadi ndi izi, nditaima masitepe anayi kuchoka pathaulo. Pitching wedge ikuthamanga masitepe 7, 9-iron 10, 8-iron 13, 7-iron 17. Zikuchepera pa masamu a lamulo la 12, ndiye ndikuona kuti ndi zija munanena za ndodo zakale, kapena green yoyesererayo ndi yochedwa. Sand wedge sindinalembe kanthu chifukwa pa mipira isanu iwiri yokha ndi imene inagwa pafupi ndi thaulo.

Loweruka tinasewera anthu omwe aja. Pa mabowo 9 ndinaphonya green kasanu ndi kawiri. Katatu ndinagwira putter kuchokera kunja, ndipo mayi a ku Bvumbwe munanena zoona, mnzanga wina anayamba kuseka kuti kodi wedge mwagulitsa. Anasiya kuseka mpira wachiwiri utaima chikhatho chimodzi kuchoka padzenje. Katatu ndinagwira 8-iron. Kamodzi ndinaimenya pamimba ndithu, ndinamva m'manja, koma inangopitirira masitepe anayi, ndinamaliza ndi ma putt awiri. Zakumwa anagula wina.

Kotsalako ndiye kananditsitsa. Mpira unali kuseri kwa bunker, mbendera pafupi ndi mphepete, pansi pouma. Panalibe kothawira, ndinatulutsa sand wedge, mtima uli phaphapha, ndipo ndinaulowetsa mumchenga momwemo. 7 pa par 4. Mfana wa ku Luchenza, pamenepo ndinakukumbuka, ndodo imeneyi ndiyenera kuiphunzirabe. Pobwerera mnyamata wanga anati ndikanamenya pitching wedge chakumanzere kumene kulibe mchenga, n'kuvomera putt yaitali. A kadi, inu mukanandiuza chiyani pamenepo, poti munati Okutobala sand wedge isatuluke?

Alamu ndawauza kuti za lob wedge aiwale, abwere ndi ma grip 10 ndi magolovesi awiri. Anyamuka Lolemba. Kodi alipo amene amadziwa kuika ma grip kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo, kapena ndichite kupita nazo ku Blantyre?